Ndinalumbira kuti Chichewa sachimva

Anzanga, mwamuna amene ndamuvutikira miyezi khumi ndi inayi ndinadziwana naye pomumenya mbama.

Linali tsiku la msika pa Bangula. Ndinatsika minibasi nditasenza mashini anga osokera, dzuwa likuswa mtengo. Wa kabaza wina anaima patsogolo panga.

"Ndikukwateni, mai?"

Phaa! Patsaya.

Azimayi ogulitsa nsomba anaseka mpaka misozi. "Mwana iwe, pa Chisena kukwata ndi kutenga. Akuti akunyamule panjinga."

Ine mwana wa ku Chikwawa, mlendo kuno, manyazi anandigwira. Ndinakwera njingayo mopepesa. Dzina lake anati ndi Kaitano.

Chichewa chake chinali chothyokathyoka, ndipo ndi chimene chinandikopa. Ankabwera pakhonde pomwe ndimasokera ndi chimanga chootcha, n'kumati, "Dyna, ine pyakulonga nkhabe, mbwenye ndisakufuna." Kuti sadziwa kulankhula, koma amandifuna. Ndinayamba kuphunzira Chisena chifukwa cha iye. Tinayamba kukamba za ukwati.

Kenako pampu ya sola ya pasikimu yothirira inasowa Lamlungu masana. Wina anati anaona njinga ya Kaitano chakumeneko. Anamugwira.

Kukhoti ndinalipo. Anamuwerengera mlandu m'Chichewa, womasulira palibe. Iye anangoti, "Inde, ndabva." Analemba kuti wavomera. Zaka zinayi.

Ndinatuluka ndili ndi mkwiyo. Munthu wanena kuti wamva, inu mukuti wavomera?

Ndinapeza a Yasini, loya wothandiza osauka. Anati, "Ngati sanamvetse mlandu, khoti lalikulu likhoza kulamula kuti uzengedwenso. Koma tipeze fayilo kaye."

Fayilo ija, anzanga... Lero akuti inanyowa ndi madzi osefukira. Mawa akuti wotayipa akudwala. Mkuja akuti mubwere Lachinayi. Phiri lopita kukhoti lalikulu ku Blantyre ndinalikwera kasanu ndi kawiri, mpaka makondakitala ankangoti, "Mayi a apilo afika." Makasitomala anathawa. Amayi anga anasiya kundiyankha ndikatchula dzina lake.

Ndinalumbira papepala, n'kusaina: Kaitano Chichewa sachimva bwino.

Khoti lalikulu linavomera. Mlandu uyambirenso, ndipo pakhale womasulira. Ndinalira pamasitepe ngati mwana.

A Yasini anati, "Musavine msanga. Tsopano anene komwe anali Lamlungu lija, ndipo pakhale mboni."

Ndinapita kundende.

"Unali kuti?"

Anayang'ana kumbali.

"Kaitano, ndatha nsapato ziwiri ine. Unali kuti?"

"Penu tisiye basi..."

"Tisiye? Ukufuna akubwezere zaka zako zinayi?"

Maulendo atatu, yankho lomwelo. Wachinayi ndinamuuza kuti akapanda kulankhula sadzandionanso. Anayang'ana pansi.

"Kwa Mlolo. Ukafunse Clotilda."

Ndinawoloka Shire pabwato mtima ukundiuza kale. Ndinapeza mtsikana wamsinkhu wanga akupeta mpunga, kumbuyo atabereka mwana. Makutu a mwanayo anali a Kaitano, sindinafunikire kufunsa.

"Lamlungu lija ndi lomwe ndinachira," anatero Clotilda. "Anandinyamula yekha kupita kuchipatala, anakhala pabenchi mpaka madzulo. Anamwino akumudziwa."

"Nanga bwanji sananene kukhoti?"

"Inu munakhala kutsogolo, akananena bwanji? Anzake a m'selo anamunamiza kuti akavomera angomuthira faindi."

"Sanavomere. Sanamve Chichewa."

Anasiya lichero, n'kundiyang'ana. Kenako anaseka, osati mwachipongwe, koma mondimvera chisoni.

"Kaitano? Anakulira ku Ndirande kwa amalume ake, mpaka folomu thuu. Asisi, kodi nanunso anakufunsani zokukwatani zija? Ine anandipezera pa Makhanga ndi mawu omwewo."

Ndinakhala pamtondo.

Ndiye kuti mbama ija ankaiyembekezera. Ndiye kuti pepala lija ndinalumbira bodza, ine ndikuyesa zoona.

Ndikanatha kubwerera ndekha, anzanga, n'kumusiya avunde. Ndinaganiza zimenezo, sindinama. Koma pampu sanabe. Wabodza ndithu, koma pampu sanabe, ndipo mwana uja sanalakwire munthu.

Tsiku la mlandu ndinakamutenga Clotilda ndekha. Pokwera bwato mwana ndinanyamula ine.

Clotilda anaikira umboni, namwino anaikira umboni. Kaitano ankadikira womasulira amalize, akupendeketsa mutu ngati sakumva. Ine ndinangoluma mlomo. Womasulira amene ndinamumenyera nkhondo uja!

Anamupeza wosalakwa.

Panja anayamba wanyamula mwana wake. Kenako anabwera kwa ine.

"Dyna, takhuta..."

"Nena m'Chichewa."

Anazunguliza maso.

"Ndati nena m'Chichewa, Kaitano. Kamodzi kokha ndikumve."

"Zikomo kwambiri. Ndinakulakwira, ndipo ndilibe chonena."

Chichewa chosalala, chopanda ndi fupa lomwe.

Ndinamupatsa jumbo ya mapepala a apilo ija, ndinakwera minibasi.

Ena mwa inu mukundilembera kuti ndimuganizirenso, poti ngakhale khoti linamumva kachiwiri. Ayi anzanga. Khoti linabwereza mlandu chifukwa linkaganiza kuti munthuyo sanamve. Ine ndikudziwa kuti ankamva zonse.