Ndinamata pulasitala pa kanyali ka mabuleki

Inu owerenga, ndikulemba izi nditakhala pabenchi kunja kwa wodi ya amayi m'chipatala cha pa boma la Chama. Mkatimo mwagona mayi anga ondibala, fupa la m'chiuno litathyoka, ndipo palibe amene akundiuza ngati adzaimanso ndi miyendo yawo. Sanawalodze munthu. Ndinawagwetsa ndine mwana wawo, namwino wathunthu, chifukwa cha kanyali kakang'ono kamene ndinasankha kusakaona.

Kwathu ndi ku Chipata, koma ntchito inanditumiza pa kachipatala ka kumudzi ku Kambombo. Nditatopa ndi kupalasa njinga mumchenga popita kukabaya ana katemera, ndinadzimana n'kugula njinga yamoto yangayanga, yamakonoyi, yokhala ndi mabuleki otchedwa ABS. Wogulitsayo sindingamunamizire, anandifotokozera zonse. Anati ndikaliza njinga kanyali kachikasu kaziyaka, ndikayenda pang'ono kazizima. Kakazima ndiye kuti ngakhale nditafinya buleki ndi mphamvu zanga zonse, tayala silimangika, njinga imadziteteza yokha kuti isaterereke. Koma kakapanda kuzima, chitetezocho chachoka, ndatsala ndi dzanja langa basi.

Kuyendetsa ndinaphunzirira pa njinga yomweyo, choncho dzanja langa linazolowera kufinya mopanda chisoni. Mbuzi ikadumphira mumsewu, ine n'kungoti gwi, njinga n'kuima bwinobwino. Ndinkadzitama kuti ndine katswiri, osadziwa kuti katswiri anali makinawo.

Itafika Juni, kuzizira kwa m'mawa kunayamba kufooketsa batire. Ndikadina kuti ilire, njinga inkangotsokomola, mpaka aneba ankachita kundikankha. Ikalira, kanyali kaja kankakana kuzima mpaka dzuwa litakwera, nditaizimitsa n'kuilizanso. Ndinadziwa kuti vuto ndi batire, ndipo latsopano linali loti ndiitanitse ku Lundazi. Ndinkangoti mwezi ukatha, mwezi ukatha. Zengerezu analinda kwawukwawu. Ndinkadzinamiza kuti nayonso njinga imamva mphepo ngati munthu, ikawothera dzuwa ichira.

Koma kanyaliko kankandiyang'ana m'maso m'mawa uliwonse, ndipo kankandisowetsa mtendere. Tsiku lina ndinatsegula chikwama changa cha ntchito, kung'amba kachidutswa ka pulasitala, n'kumata pamenepo. Mtima unakhala pansi. Tangoganizani, ine amene ndimakalipira azimayi kuti asamabise chilonda cha mafinya ndi nsanza.

Nthawi imeneyo mayi anali kwanga. Anabwera kudzandilerera mwana wanga wakhanda, Taonga, nditabwerera ku ntchito. Atakhalitsa anati akufuna kubwerera ku Chipata, mtedza wawo ukuwadikira kumunda. Basi imanyamuka pa boma m'mamawa, choncho tinadzuka kukuzizira kwambiri, mwana n'kumusiya kwa aneba. Mayi njinga yamoto ankaiopa kuyambira kale. Anaizungulira kaye ngati akugula ng'ombe, ndipo maso awo anagwera pa pulasitala uja.

"Nanga njinga yako yavulala pati, iwe?" anafunsa.

"Ni kacilonda kang'ono cabe, amai, kazapola manje manje," ndinayankha.

Tinaseka tonse. Aneba anatikankha, njinga inalira, mayi n'kukhala cham'mbali monga amakhalira azimayi ovala chitenje, atandigwira m'chiuno mwamphamvu.

Panjira pali potsetsereka polowera kumtsinje wouma, pamene pamakhala timiyala tosakanikirana ndi mchenga. Titakhota, ndinangoona bambo wina ali pakati pamsewu, akulimbana ndi njinga yakapalasa imene inamugwera ndi matumba a chimanga. Sindinaganize chilichonse. Dzanja linachita zimene linazolowera, linafinya. Tayala lakutsogolo linamangika pomwepo, njinga inatererekera kumbali, ndipo ndinamva manja a mayi akuchoka m'chiuno mwanga.

Ine ndinangosupuka chigongono ndi bondo. Mayi anagwera pamwala, ndipo kulira kumene analira sindinakumvepo kwa iwo chibadwire. Nditaona mmene mwendo unapindikira kunja, ndinadziwa ndisanawagwire n'komwe, paja ndi ntchito yanga. Bambo wa chimanga uja anathamanga kukaimitsa lole imene inkabwera kumbuyo. Pamene tinkakoka njinga kuichotsa mumsewu, ndinaona pulasitala atamatuka mbali imodzi. Kanyali kanali kakuyakabe.

Manje madokotala akuti tiwatumize ku chipatala chachikulu cha ku Chipata kuti akawachite opaleshoni, koma akuti pa msinkhu wawo mafupa sachedwa kukana kulumikizana. Mayi amene analera ana asanu ndi khasu, lero ndikuwatembenuza pabedi ngati khanda. Alongo anga akaimba foni ndimangoti msewu ndi woipa, za pulasitala sinditchula. Tulo sindikupeza. Ndapemphera mpaka mawu andithera, ndikuti Mulungu atenge miyendo yangayi awapatse iwo.

Dzulo mankhwala opha ululu atawagwira, anatsegula maso n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti andikalipira, ndipo ndikanakonda akanatero. Koma anamwetulira pang'ono n'kufunsa motsitsa mawu.

"Njinga ija yapola, mwana wanga?"

Ndinathawira panja kukalira kuseri kwa wodi.

Inu owerenga, makamaka inu anzanga okwera njinga zamoto m'misewu yathu yafumbiyi, ndikukugwirani mwendo. Kanyali ka mabuleki kakayaka m'mawa kozizira, yendani pang'ono mukaone ngati kazima. Kakapanda kuzima, musanene kuti ndi mphepo. Onetsani batire, onetsani mawaya, ndipo musanyamule munthu mpaka zitakonzeka. Ngati simungachitire mwina, yendani ngati mwanyamula mazira, podziwa kuti njingayo sikutetezaninso. Basi ikakusiyani, mawa ibweranso ina. Ine ndinathamangira basi, ndipo mayi anga adzapitadi ku Chipata, koma chogona, mu ambulansi.