Mafungo Awiri pa Msampha Umodzi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera azakhali anga a ku Kawale, nditangofika kuchokera ku Ntcheu. Bambo wina wofufuza za mitengo, a Kanyenda, ankafuna munthu woyang'anira misampha ya tizilombo pamalo osungira zipika za paini ku Biwi. Anati andiyesa kaye mwezi umodzi, ndikalephera ndibwerere kumudzi.

Tizilomboti n'tating'ono ngati mpunga, timaboola khungwa n'kumadya m'kati. Tinalipo ta mitundu iwiri, takuda ndi tofiirira. Msampha unali fanulo yokhala ndi botolo kunsi, pamwamba pake n'kumangirira kathumba ka fungo. Ka chingwe chofiira kankaitana tofiirira, ka chingwe choyera kankaitana takuda. M'mawa uliwonse ndinkakhuthulira mabotolo pathireyi, kusiyanitsa mitunduyo ndi kamtengo ka machesi, n'kulemba m'kope. A Kanyenda ankabwera Lachisanu lokha. Ocheka matabwa anali ndi macheza awoawo, ine ankangonditchula kuti mayi wa tizilombo. Ndinkasungulumwa koopsa.

Sabata yachitatu ndinafuna kuonetsa nzeru. Ndinamangirira timatumba tonse tiwiri pamsampha uliwonse, ati ndigwire tambiri. M'mawa mwake m'mabotolo munalibe kanthu, mkuja chimodzimodzi. Pofika Lachinayi mantha anandigwira, ndinatenga mpeni n'kuyamba kusenda makungwa, kutola tizilombo toti ndiponye m'mabotolomo. Tizilomboto tinadzaza chikhatho. Ndinatiyang'ana nthawi yaitali, kenako ndinakatitaya m'ngalande.

Lachisanu ndinaulula zonse kwa a Kanyenda.

"Mayi, fungo limeneli ndi mawu a tizilomboti," anatero a Kanyenda. "Kwa abale limati bwerani kuno. Kwa mtundu winawo limati mtengo uno uli ndi eni ake. Inu mwathamangitsa onse. Sabata yathunthu yapita pachabe! Osafunsa bwanji?"

"Ndikanafunsa ndani, abwana?"

Anayang'ana uku ndi uku. Ocheka matabwa anali kutali, akuseka zawo. A Kanyenda anatenga kope lija n'kulemba nambala yawo ya foni pachikuto, nati Lolemba ndibwere monga mwa masiku onse.

Kuyambira pamenepo chinthu chimene sindikuchimvetsa sindichisintha ndisanafunse. Lero ndine woyang'anira anthu pamalo ena ogulitsa matabwa. Akabwera watsopano, tsiku loyamba sindimusiya yekha. Ndimangozungulirazungulira pafupi naye ngati ndilibe chochita, mpaka atalimba mtima n'kundifunsa kanthu.