Thirakitala ya mtima wa chigayo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene atate ankasamala maluwa ku Kabulonga, kwa mayi wina wamasiye amene tonse tinkangowatcha ba Madamu. Tinkakhala m'kanyumba ka antchito kuseri, ndipo ngakhale ife ana tinkadziwa kuti ntchito ikatha, denga nalonso latha. Mwezi womwewo makina otchetchera kapinga anali atafera m'manja mwa atate, ndipo ba Madamu ananena ife tikumva kuti china chikadzawonongekanso, tidzamange katundu.

Ine nthawiyo ndinali ndi matenda owerenga. Kusukulu ndinkapita mwa apo ndi apo, koma zikwangwani za minibasi, zitini za mafuta, nyuzipepala zokulungira tomato, zonse ndinkazibwetuka mokweza, ngakhale zimene sindinkazimva. Mlonda wa pageti, ba Chanda, ankanditcha Pulofesa, ine n'kumavomera ndithu popanda manyazi.

Loweruka lina ba Madamu anatsegulitsa galaja yakale. Mkatimo munali kathirakitala kofiira kamene malemu amuna awo anasiya, kodzaza fumbi ndi ndowe za makoswe. Masana omwewo lole inkabwera kudzakatenga kupita nako kufamu ku Chongwe mvula isanagwe, ndipo kankafunika kulira kuti kakwere kokha mulole kudzera pamatabwa. Ntchitoyo inagwera atate, amene mawilo okhawo omwe ankawadziwa bwino anali a wilibala.

Atatukula chivundikiro, tinapeza injini yobiriwira, yosafanana ndi thupi lake. Pambali panali kachitsulo kolembedwa.

"Bwela, uwelenge apa," anatero atate.

Ndinapukuta kachitsuloko ndi malovu. Zilembo zake zinali ngati tinyumba ta mawindo ambiri, tina ngati mapazi a nkhuku pamatope. Panalibe ngakhale chimodzi chimene ndinkachidziwa.

"Aa, manje Pulofesa wagwa mayeso!" anaseka ba Chanda.

Pofuna kubweza ulemu wanga, ndinazungulira thirakitalayo kusaka china chowerengeka. Ndinachipeza pathanki: mawu a Chizungu akuti muzithira petulo yekha. Ndinawawerenga kawiri, mokweza ngati mlaliki. Nkhope ya atate inamasuka, ndipo anapita kukatenga chigubu cha petulo wotsala wa makina a kapinga aja.

Iwo akusakasaka faneli, ndinayang'ananso injini ija, tsopano osati zilembo zake. Kumbali inali ndi gudumu lalikulu lolemera lachitsulo. Pamwamba panali kamphika ka madzi kotseguka kukamwa. Chinthu ichi ndinkachidziwa. Amayi ankandituma ndi chimanga kuchigayo ku Kalingalinga, ndipo poima pamzere ndinkapenyerera madzi akubwata m'kamphika kotere. Mwini chigayo ankathira dizilo, ndipo tsiku lina ndinamumva akukalipira wantchito wake kuti petulo m'menemo ndi poizoni.

Ndikalankhula, ndiye kuti ndikutsutsa atate pamaso pa anthu, ndikutsutsanso Pulofesa yemwe. Nanga ngati ndikulakwa? Zolembedwa zinali pomwepo, zoyera, pamene ine ndinali ndi chikumbumtima cha pamzere wa chigayo basi.

Ba Madamu anatulukira, makiyi akulira m'manja. "Ba Phiri, muli pati? Lole ili pafupi."

"Manje manje, Madamu," anayankha atate, kutanthauza kuti pompano.

Atate analowetsa faneli, napendeketsa chigubu. Fungo la petulo linandilasa m'mphuno. Sindikudziwa mmene zinachitikira, ndinangoona dzanja langa litagwira mkono wawo, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chibadwire.

"Iwe. Chotsa dzanja."

"Atate, osathila. Iyi ni injini ya chigayo."

"Si ndiwe wamene wawelenga kuti petulo?"

"Thanki ni yake, koma injini ni ina. Anachinja."

Ba Madamu anandiyang'ana kuyambira kumapazi anga otuwa mpaka kumutu. "Manje timvele mwana, olo timvele zolembedwa?"

Ba Chanda anapeza chochita ndi chipewa chawo. Ine mkono wa atate sindinausiye. Kunja kwa mpanda kunamveka hutala ya lole.

Pang'onopang'ono atate anatsitsa chigubu. Anathyola kamtengo pamaluwa, nakalowetsa mpaka pansi pa thanki, n'kupaka pachikhatho timadzi timene kanatuluka nato. Pachikhatho chinacho anadonthezapo petulo. Tonse tinaweramira manja awiriwo ngati tikudikira mawu a sing'anga. Petulo anauma nthawi yomweyo. Dontho linalo linakhalabe, lonyezimira, loterera.

"Dizilo," anatero atate, mawu ali pansi.

Apo m'pamene ba Madamu anagwira pakamwa. Anakumbukira kuti injini yoyamba itafa, malemu anakagula ina kwa munthu wogulitsa zigayo kumafakitale. Anatuma ba Chanda kukatenga dizilo wa jenereta. Tinadzaza madzi m'kamphika, ndipo woyendetsa lole anathandiza atate kupukusa chogwirira mpaka onse thukuta kamukamu. Injini inatsokomola, inakana, inatsokomolanso, kenako inagunda du! du! du! utsi wakuda n'kudzaza galaja yonse.

"Bweletsani chimanga tigaye!" anakuwa ba Chanda, ndipo ngakhale ba Madamu anaseka.

Madzulo atate sananditamande. Akusamba m'manja anangoti, "Ukadzandigwiranso mkono pa anthu, ukhale ndi chifukwa ngati cha lero."

Matenda owerenga aja sanandichoke, mabuku andidyera ndalama zambiri za ndiwo. Koma ndimadziwa tsopano kuti mawu a pathanki aja sananame, ankangonena za injini imene inachoka kalekale. N'chifukwa chake ndikawerenga cholembedwa pa chinthu, kaya pa munthu, ndimayamba ndatukula chivundikiro ndisanathire kanthu. Ndipo kachitsulo kaja, Pulofesa sanakawerengebe mpaka lero.