Ine Ndinali Wothira Madzi

Kwathu Baibulo silinkagwiridwa ndi manja osasamba. Limenelo linali lamulo la bambo, ndipo ngakhale akulu a mpingo akabwera kudzacheza, beseni linkayamba kutuluka buku lisanatuluke. Tinkakhala ku Highfield, komboni ya anthu akuda mumzinda waukulu wa Rhodesia, m'kanyumba ka zipinda ziwiri, zaka zija azungu a ku Rhodesia anakana kumvera Mangalande n'kuyamba kudzilamulira okha. Bambo ankagwira ntchito pafakitale ina ku Graniteside, amayi ankagulitsa tomato ndi repu kumsika wa ku Machipisa. Ana tinalipo awiri, achimwene anga ndi ine wamkazi wowapondera pamutu.

Bambo akafika ndi njinga yawo dzuwa lisanalowe, ankakhala pakhonde la kuseri n'kumasula nsalu imene ankakulungira Baibulo la Chinyanja, lomwe anabwera nalo kuchokera kumudzi ku Ntcheu. Apo ndiye ndinkaitanidwa ine. Kudzawerenga? Ayi ndithu, kudzathira madzi. Ndinkagwada ndi jagi ndi beseni, kuthirira bambo, kenako achimwene, n'kuwapatsa kansalu kopukutira. Nyengo yozizira amayi ankati madziwo ndiyambe ndawafunditsa, kuopa kuti zala za achimwene zingachite dzanzi n'kung'amba tsamba. Zala za achimwene! Zanga zinkaswera m'madzi otsukira mbale, koma panalibe wozifunsa kuti zadzuka bwanji.

Bambo anali ndi chifukwa chawo chotisonkhanitsira. Kusukulu tinkaphunzira Chishona ndi Chingerezi, mumsewu anzathu ankatinena kuti ndife Mabhurandaya, anthu opanda kwawo. Bambo ankati mwana wa mlendo akasowa Mawu a Mulungu m'chilankhulo cha makolo ake, ndiye kuti onyozawo anena zoona. Ankatinso abusa amakuona Lamulungu lokha, koma kholo limakuona tsiku lililonse, choncho ntchitoyo sangaisiyire tchalitchi. Mawu abwino zedi. Koma bukulo linkatera pamiyendo ya munthu mmodzi.

Achimwene ankawerenga ngati akutafuna mchenga. Mtima wawo unkakhala kubwalo la mpira, ndipo atakulako unasamukira kumisonkhano ya ndale. Ine ndinkaima kumbuyo kwawo, beseni lili m'manja, maso akutsata chala chawo. Zilembo ndinkazidziwa za kusukulu, mawu ndinkawamva kwa bambo, ndiye pang'onopang'ono zinagwirizana zokha. Akamafika pakati pa mzere, ine ndinali nditatsiriza kale ndime yonse chamumtima, ndikupsa mtima kuti akundichedwetsa.

Akatha kuwerenga, bambo ankafunsa mafunso. Tsiku lina anafunsa kuti mneneri uja anamezedwa ndi chinsomba ankathawa chiyani. Achimwene anangoti kukamwa yasa, akukanda m'mutu. Ine zinandituluka zokha.

"Sankafuna kuti adani a mtundu wake akhululukidwe."

Bambo sanatembenuke n'komwe. "Ndafunsa iwe? Kataye madziwo."

Ndinakawataya mwamphamvu moti anathovukira nkhuku. Kukhitchini ndinafunsa amayi ngati Mulungu analembera anyamata okha. Amayi anati bambo akukonza achimwene kuti adzakhale mkulu wa mpingo, ine ndidzakwatiwa ndipo mwamuna wanga azidzandiwerengera. Nditatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, anandidula: "Fupa lokakamiza limaswa mphika, mwana iwe." Koma nsanje sinandichoke. Ndinkachitira nsanje chilichonse cha achimwene: kampando kawo, madzi awo ofunda, ngakhale kukalipiridwa kwawo. Munthu amakalipira amene akumuyembekezera kanthu.

Nkhondo yomenyera ufulu itakula, m'mawa wina achimwene anavala yunifolomu, kupita kusukulu, osabwerako. Anzawo ena nawonso anasowa tsiku lomwelo, ndipo anthu ankanong'onezana kuti awolokera ku Mozambiki kukalowa gulu la anyamata a m'tchire. Apolisi anabwera kudzafunsa, anagubuduza matiresi, ndipo mmodzi anatenga Baibulo lija ndi manja ake a thukuta n'kulikutumula kuti aone ngati mugwe kanthu. Bambo anangoyang'ana. Apolisiwo atachoka, bambo analikulunga m'nsalu yake n'kuliika pamwamba pa kabati, ndipo linakhala pamenepo miyezi yambiri.

Achimwene ndinawalira, musaganize kuti ndinalibe mtima. Koma ndinkaonanso kuti kampando kaja katsala kopanda munthu, ndipo ndinkadikira.

Maso a bambo anali atayamba kuchita chifunga, zilembo zing'onozing'ono osazionanso. Madzulo ena anatsitsa bukulo n'kunena, "Iwe, kasambe m'manja." Ndinayang'ana jagi, ndinayang'ana amayi, koma panalibe anasuntha. Ndinapita ndekha pampopi wa panja, kusamba, n'kupukutira pa diresi langa.

Anandiuza potsegula. Inali nkhani ya mwana uja anatenga gawo lake la chuma n'kupita kudziko lakutali. Ndinawerenga bwino, ndikunena mosadzitama, sindinapunthwe ngakhale pamodzi. Nditafika pamene atate ake anamuona akali patali n'kumuthamangira, n'kulamula kuti amuphere mwana wang'ombe wonenepa, bambo anakweza dzanja.

"Basi, tsekera pomwepo."

Mawa lake nkhani yomweyo, dzanja pamalo pomwepo. Mkuja wake chimodzimodzi. Baibulo lonse lija, la mafumu ndi aneneri ndi masalimo amene ndinkawalakalaka, linatsala tsamba limodzi, ndipo tsambalo linayamba kuda m'mphepete ngakhale manja anali osamba. Pamene ndikuwerenga, bambo sankayang'ana ine. Maso awo ofookawo ankakhala panjira yodutsa pambali pa nyumba. Ndinazindikira kuti kampando ndakhalapo, inde, koma ndangobwerekedwa pakamwa. Munthu ali kutchire, sitikudziwa ngati ali moyo, koma akundiposabe pakhonde la kwathu lomwe!

Chinandipweteka koposa n'chakuti nkhaniyo sithera pamene bambo ankaimitsa. Ine ndinkaona mizere yotsalayo m'munsi mwa chala changa tsiku ndi tsiku. Muli mwana winanso m'nkhani imeneyo, amene sanapite kulikonse.

Pakhomo panali tambala wamkulu wofiira amene bambo ankamudyetsa okha m'manja. Aliyense ankadziwa kuti akusungira tsiku lobwera achimwene. Lamulungu limene ndinamaliza kalasi ya kutchalitchi n'kulandiridwa kudya mgonero koyamba, amayi anayesa kupempha. "Bambo ake, mwanayu lero walowa mumpingo. Bwanji timuphere tambala uja?"

"Ameneyo ali ndi mwini wake," anatero bambo.

Tinadyera repu wotsala kumsika, ine ndili m'diresi langa loyera.

Madzulo ake ndinasamba pampopi, ndinatsegula tsamba lija, ndinawerenga. Dzanja la bambo linakwera. Ine sindinaime. Ndinawerenga za mwana uja anali kumunda, amene anamva zoimba n'kukana kulowa m'nyumba. Ndinawerenga dandaulo lake lakuti wagwira ntchito zaka zonsezi osaphwanya lamulo, koma sanapatsidwepo ngakhale kambuzi. Mawu anga anakwera mpaka mayi wa nyumba yoyandikana, amene ankanula zovala, anaima ndi bulangete m'manja. Bambo anati, "Iwe!" Ine ndinapitirirabe mpaka pamene atate aja anatuluka panja kukamupepesa mwana wokwiyayo, n'kumuuza kuti iye ali nawo masiku onse ndipo zawo zonse n'zake. Pamenepo mawu anandithera, misozi ili chuchuchu, ndipo ndinakweza bukulo m'mwamba kuti lisanyowe.

Bambo anadzuka n'kulowa m'nyumba. Amayi anandikoka khutu mpaka kukhitchini. "Mgonero wa lero lomweli wakusandutsa mbusa wa bambo ako? Ulibe manyazi?" Ndinalibe. Ndinali ndi mantha okha, kuti bukulo libwerera pamwamba pa kabati ndipo sindidzaligwiranso.

Tsiku lotsatira ndinamva njinga ikutsamizidwa pakhoma nthawi yake yomweyo. Ndinadikira kuitanidwa, koma kunali zii. Kenako ndinaganiza zongopita pampopi, kuti ngati n'kukanidwa ndikanidwe manja ali oyera.

"Ukupita kuti? Bwera kuno."

Bambo anali pakhonde, Baibulo lili pakampando, beseni lili pansi, jagi ili m'manja mwawo. Anawerama movutikira, mawondo akulira, munthu amene sindinamuonepo akutungira wina madzi chibadwire changa.

"Tambasula manja," anatero. "Lero uyambire paja ndimakuimitsa. Ukatha, mawa usankhe wekha."

Tambala uja anali pomwepo akutolatola, wamoyo ndi wonenepa, akudikirabe mwini wake. Madziwo anali ochokera pampopi, ozizira ngati a m'chitsime, pakati pa nyengo yachisanu. Ndinazindikira msanga, poti a achimwene ndinkawafunditsa ndine. Koma sindinabweze manja. Ndinawatambasulabe mpaka jagi yonse inatha.