Alamu Anga ndi Mipumiro Yawo

Ine ndine mphunzitsi wa Chingerezi, ndipo ndaphunzitsapo ana ouma mitu osawerengeka, koma palibe anandipsetsa mtima ngati alamu anga, akazi a achimwene anga aakulu. Iwowa amagulitsa usipa pa siteji ya basi ku Chipoka. Chaka chimenecho ankalemba mayeso a fomu folo kachitatu. Maphunziro ena onse ankakhoza bwinobwino, koma Chingerezi chinkawagwetsa, ndipo munthu ukalephera Chingerezi satifiketi sumaiona. Iwo ankaifunitsitsa kuti akafunsire ntchito ya ulangizi wa zaumoyo, asiye kuthamangira mabasi atasenza beseni. Achimwene anali atanena kale kuti ulendo uno ndi womaliza, akalephera basi za sukulu ziiwalike.

Ndiye masana aliwonse ndikaweruka, ankabwera pakhonde panga ndi kope lawo lonunkha nsomba. Chingerezi chenichenicho ankachidziwa ndithu. Mawu anali nawo ambiri, nkhani zokoma, moti ukamawerenga unkaona bwato likuchoka ku chilumba cha Mbenji. Vuto linali limodzi: ankalemba tsamba lonse popanda mpumiro, kadontho komaliza chiganizo kaja, kapena mpatuliro, kaja kokhala ndi mchira. Kuyambira pamwamba mpaka pansi, chiganizo chimodzi.

Nditawadandaulira, analanda kopelo n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Posakhalitsa anabwera akumwetulira.

“Eni, aphunzitsi,” anatero pondigemula. “Ndathiramo mchere wanu uja.”

Anali atawazadi ngati mchere. Ankawerenga mawu asanu ndi nsonga ya bolopeni n'kuika mpatuliro, mawu asanu ena mpatuliro, ndipo mzere ukathera m'mphepete mwa pepala, pamenepo mpumiro. Ndinawafunsa amene anawaphunzitsa zimenezi. Anati palibe, anangoona kuti m'mabuku timadontho timakhala motalikana chonchi, ndiye anachita kuyeza kuti pasakhale pena powawa pena pozizira.

Ndinapuma kaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinadziuza choncho, ngakhale kudekha si kwanga kwenikweni. Ndinatulutsa njira imene imandithandiza ndi ana a kusukulu.

“Alamu, werengani mokweza. Pamene mwapuma pang'ono ikanipo mpatuliro. Pamene mwapuma kwambiri, mpumiro.”

Anaimirira, kukonza chitenje, n'kuyamba. Abale inu, tsamba lonse lija analimaliza ndi mpweya umodzi! Ine womvetserane ndi amene ndinabanika. Atamaliza anandiyang'ana ngati akudikira kuti ndiwaombere m'manja.

“Nanga simunapume bwanji?”

“Ndipumirenji? Kupuma n'kwa inu a malipiro a pamwezi. Basi ikaima, iwe n'kumati ndipume kaye, mnzako wagulitsa kale beseni lonse.”

Ankanena zoona, n'chifukwa chake zinandinyansa kwambiri. Zaka zonse zija pa siteji anazolowera kutchula mtengo, kuyamikira usipa, kuyankha wonenerera ndi kukalipira kondakitala, zonse basi isananyamuke. Ine ndinkafuna kuti m'miyezi iwiri aphunzire kuima.

Tinayesa zambiri. Ndinkamenya tebulo pamene payenera mpumiro, iwo n'kumaseka kuti ndasanduka woimba ng'oma. Ndinkawalembera ziganizo zifupizifupi, ankazikhoza zonse, koma ndikangoti lembani chimangirizo, nkhani inkawatenga n'kuthamanga nawo, mapeto ake mchere uja. Cholembera changa chofiira chinatha. Kunyumba ana anga anayamba kundizemba ndikangotseka kope lawo.

Tsiku limene ndinalakwa kunali mwera. Amuna sanapite panyanja, usipa kunalibe, ndiye alamu anabwera ndi anzawo awiri a pa siteji, amayi amene ankawanyadira kuti mnzathu akulemba fomu folo. Kunali kutatsala sabata ziwiri kuti mayeso ayambe. Anandipatsa chimangirizo chatsopano monyadira, anzawo akusuzumira. Nditayang'ana, mawu asanu mpatuliro, mawu asanu mpatuliro, ngati sindinayankhulepo chilichonse miyezi yonseyo.

Mtima unandikwera. Ndinaponya kopelo pamkeka.

“Alamu, mukunditayitsa nthawi. Mwina mutu wanuwu ndi wa usipa basi. Bwererani ku beseni lanu.”

Anzawo aja anayang'ana kumbali. Alamu anatola kope lawo, kulipukuta fumbi ndi chitenje, n'kunena kuti, “Zikomo, aphunzitsi.” Ulendo uno sikunali kugemula. Ananyamuka onse atatu.

Sanabwerenso. Ine ndinadziuza kuti ndi iwo ofuna thandizo, abwera okha. Ndinkadutsa pa siteji ndikuyang'ana kwina, ndikumva mawu awo akuitanira makasitomala. Achimwene atandifunsa ndinangoti akazi anu samva. Manyazi ndinali nawo, koma ukali unali pamwamba pake, ndipo ndinausiya ukhale pomwepo mpaka mayeso anadutsa.

Zotsatira zinatuluka nthawi yotentha. Ndinali m'kalasi pamene foni inanjenjemera m'chikwama. Unali uthenga wa alamu. Kale mauthenga awo ankakhala a Chichewa, ataliatali, moni ndi nkhani za maliro ndi mtengo wa usipa zonse mumtolo umodzi. Uwu unali wa Chingerezi, ziganizo zitatu. Choyamba chinkati alephera. Chachiwiri chinkandithokoza, ndipo pambuyo pa liwu lothokozalo panali mpatuliro, kenako liwu loti mphunzitsi, monga mmene ndinkawauzira kuti umatero poitana munthu. Chachitatu chinkati ndisabwere.

Ndinauwerenga kangapo, ndipo ndikuvomera kuti maso anga a uphunzitsi ankafunafuna cholakwa. Munalibe. Mpumiro uliwonse unali pamalo pake. Ana anayamba kusokosera kumbuyo, ine osatha ngakhale kuwakalipira.

Mpaka lero zimandipweteka, ndipo sindidziwa woti ndimukwiyire. Ndimakwiyira timadontho timeneti, toti sungatione n'komwe uli chapatali, koma tinatsekera munthu wanzeru khomo. Ndimakwiyira achimwene, amene anasunga mawu awo. Koma kwambiri ndimadzikwiyira ndekha, chifukwa zinthuzi zinali zitayamba kulowa, ndipo sabata ziwiri zija ndinali nazo m'manja.

Alamu akadali pa siteji. Tinayambanso kuyankhulana pa maliro ena ku Lifuwu, ndipo ndikadutsa amandipimira usipa n'kuonjezera basera. Kwa makasitomala amathamangabe ndi mpweya umodzi ngati kale. Koma akatembenukira kwa ine amayankhula pang'onopang'ono, chiganizo chimodzi, n'kuima, n'kundiyang'ana.