Zimene Ndinkatumizira Mng'ono Wanga

"Kodi inu amake mwana, anthu akutukwanawa mukuwajambula kuti mupite nawo kupolisi?"

Anandifunsa choncho ndi aneba anga, mayi wogulitsa zitumbuwa, tili pamzere wa pamjigo. Kutsogolo kwathu amayi awiri anali atavulirana mipango chifukwa cha chigubu chimene wina anasuntha ndi phazi, ndipo ine ndinali nditakweza foni m'mwamba, mwana ali kumsana.

"Nkhabe," ndinakana. "Awa ndi mankhwala."

"Mankhwala a ndani?"

"A mng'ono wanga. Akudwala kupukwa."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anasendeza ndowa yawo kutali ndi yanga.

M'nyumba mwathu tinabadwamo atsikana awiri. Ine sukulu ndinalekezera kupulayimale, chaka chimene madzi anatenga makope anga, makalasi n'kusanduka pogona anthu othawa madzi. Sindinabwererenso, ndipo aphunzitsi sanalire. Mng'ono wanga ndiye anali ndi mutu. Anakhoza mayeso onse mpaka anthu ena achifundo anamulipirira koleji kutsidya kwa nyanja, kudziko lozizira, kuti akaphunzire za madzi. Ife a ku Makhanga kutumiza mwana pandege kuti akaone madzi, chonsecho madziwo amatipeza okha m'nyumba osagogoda n'komwe. Koma tinavina, tinamuperekeza, ndipo foni yake yakale anandisiyira ine.

Poyamba zinali zithunzi zokhazokha. Iye m'chijekete chachikulu ngati thumba la thonje. Iye atagwira chipale chofewa m'manja, mano onse panja. Kenako zithunzi zinatha, kunayamba kubwera mawu.

"Achemwali, kuno dzuwa limalowa anthu asanatsuke mbale za nkhomaliro. Munthu mumakumana naye pakhomo, moni osakupatsa. Dzulo mayi wina wandithandiza kunyamula katundu, ine n'kuwomba m'manja kuthokoza, iye n'kumayang'ana pansi kufuna kuona chimene ndapha."

Ndinaseka. Iye sanaseke.

"Nsomba zake zilibe mutu, achemwali. Sudziwa kuti ukudya ndani."

Sabata ndi sabata mawu aja ankanka nanyowa. Tsiku lina anangonena kuti, "Ine ndikubwera. Ndakauza kale a ku ofesi kuti ndikuganiza." Ndipo tonse tinkadziwa kuti akangotsika ndege ija, malo ake apatsa wina, ndipo kulibe amene angamulipirirenso. Akanabwera kudzaima nane pamzere wa pamjigo ndi Chingerezi chake chonsecho.

Amayi anati timusangalatse. Ndiye tinasambitsa mwana wanga, kumudzoza mafuta mpaka kunyezimira, n'kumujambula. Tinajambula mango akupsa. Tinajambula nsomba za makakana zili pamoto, mchere ukuthetheka. Amayi anaitana anzawo a kwaya kuti aimbe nyimbo imene iye amaikonda. Chilichonse chimene tinatumiza chinabwerera ndi misozi. Pa makakana paja analira mpaka bandulo inatha.

Nthawi imeneyo n'kuti ndikuletsa mwana kuyamwa. Mayi aliyense amadziwa kuti mwana sumuletsa pomuonetsa bere n'kumamuuza kuti limba mtima. Umapaka tsabola. Amabwera mothamanga, amalawa, amakuyang'ana ngati wamupereka kwa adani, ndipo mawa lake akudya phala. Ndili mkati motsuka tsabola m'manja ndinaona kuti ife tikumuonetsa mtsikana uja bere tsiku ndi tsiku. Kwathu kumene ankakulirako kunali kwa m'zithunzi. Kwenikweniko anali atakuiwala.

Ndinayamba ndi kutentha, poti unali mwezi wa Novembala. Ndinajambula mbuzi itagona pansi pa nkhokwe, lilime lili panja. Ndinajambula bambo a mwana ali gone pamkeka masana, mimba ikuchucha thukuta, ntchentche zikuchita msonkhano pamchombo. Ndinajambula sopo akukana kuchita thovu m'madzi amchere a pamjigo wathu, kenako nkhope yanga nditamwa tiyi wa madzi omwewo. Madzulo ndinalowetsa foni m'khola la nkhumba kuti amve udzudzu ukuimba.

Anayankha kuti, "Achemwali, mwapenga?"

"Ndangoti uone kwanu. Ubwera liti? Mkeka wako ulipo, nsikidzi zikukufunsa."

Kunamveka kaphokoso kamene sindinadziwe ngati n'kulira kapena kuseka. Kenako anati, "Mimba ya alamu muichotse, ndinali ndikudya."

Ndewu ya pamjigo ija ndinaitumiza tsiku lomwelo aneba anandifunsa. Mng'ono wanga anaionera kangapo, n'kundiuza amene analakwa. Anati waonetsako mnzake wa m'chipinda, mtsikana wa ku dziko lina la kuno ku Africa, ndipo mnzakeyo wati kwawonso amatukwanirana zigubu chimodzimodzi. Aka kanali koyamba kumva kuti ali ndi mnzake.

Koma za kubwera sanazisiye. Ankati akudikira kuti mwezi uthe aone.

Tsabola weniweni anabwera yekha, atakwera kabaza. Atsibweni athu, alongo awo a amayi, anamva kuti mwana akufuna kubwerera, ndipo anafika atavala jekete dzuwa lili pamutu. Anakhala pampando, amayi pamkeka, ine pambali ndikusenda mbatata, foni ili pamiyendo itasuzumira pachitenje.

"Mlongo, musadandaule," anatero. "Sukulu si mwamuna. Ku Ngabu kuli mnzanga wogula thonje, mkazi wake anachoka yekha popanda chifukwa chenicheni. Nyumba ya malata, njinga yamoto, sikelo yakeyake. Ana alipo kale asanu ndi mmodzi, ndiye mwana wathuyu sakavutika n'kubereka msanga."

"Si wamkulu kwambiri ameneyo, achimwene?" anafunsa amayi.

"Wamkulu bwanji? Mano akutsogolo okha ndi amene anapita. Nyama amatafunira cham'mbali, bwinobwino."

Ndinatumiza osawonjezerapo liwu. Yankho linabwera mbatata zisanapse.

"Achemwali, muwauze atsibweni kuti mayeso ayandikira, ndatanganidwa. Ku ofesi ndapitako, ndawauza kuti ndasiya kuganiza."

Ndinawauza amayi, ndipo anaimba Aleluya mpaka nkhuku zinabalalika. Anati ndi kwaya ija yagwira ntchito. Sindinawatsutse.

Vuto lake, mtsikana uja akaseka amafuna woseka naye. Anatumiza kanema wa atsibweni uja kwa msuweni wathu wa ku Blantyre, msuweniyo kwa anzake, ndipo pasanapite nthawi anyamata a kabaza ku Ngabu ankakuwa akaona wogula thonje uja, "Bwana, cham'mbali, bwinobwino!" Atsibweni anabweranso, ulendo uno opanda jekete. Anati ndawavula pamsika. Anati foni m'manja mwa munthu wosaphunzira ndi mpeni m'manja mwa khanda. Ndinagwada, ndinawomba m'manja monga mwa mwambo, ndipo anachoka ndi tambala wa bambo a mwana atamangidwa miyendo pakeriyala. Bambo a mwana sanandilankhule mpaka Lamlungu.

Ntchito ndinapitiriza ndithu, kuopa kuti matenda angabwerere. Mvula itafika, madzi n'kutizungulira monga amachitira, ndinajambula matope, chimanga cha kudimba chitamira, amayi akuphika nyika, timizu ta maluwa a m'madzi tokumba kudambo, nkhope ili tsinya. Tsiku lina tikuwoloka pabwato ndinaona denga la chimbudzi cha winawake likuyandama, nkhuku itakwera pamwamba ngati mwini wake. Ndinati ichi chokha asachiphonye. Ndinaimirira. Wopalasa anakuwa kuti ndikhale pansi, bwato linapendeka, ine ndinagwira mwana, foni inagwira njira yake.

Tinakhala choncho osamvana mpaka madzi ataphwera. Kenako ndinakabwereka foni kwa aneba a zitumbuwa aja, amene anandipatsa atandilumbiritsa kuti sindijambula kanthu pakhomo pawo. Ine ndimvekere ndikamupeza atamanga kale katundu.

"Achemwali! Ndimadziwa kuti ndi madzi. Nonse muli bwino? Amayi? Takhuta, zikomo Mulungu. Pepani, ndili ndi anzanga tikupita kokadya, ndiimbanso."

Anaimbadi, patapita masiku. Mayeso anakhoza bwino. Tchuthi chachikulu chitafika, anzake ena anapita kwawo, iye anapeza ganyu yotsuka mbale pamalo odyera. Anati ndi bwino asunge kangachepe, komanso kutentha kwa kuno sakudziwa ngati angakuthenso. Ananena moseka. Tchuthi chinacho anapita kukaphunzira ntchito kudamu lina kumapiri a komweko. Masiku ano amaimba Lamlungu likamuyendera bwino, ndipo nkhani zake ndi za mapaipi ndi za anthu amene mayina awo lilime langa limakana. Nsomba zopanda mutu akuti ndi zabwino, sizilasa pakhosi.

Amayi anandiuza tikupeta mapira kuti, "Iwe, unachulutsa." Ndinati mwina. Koma sukulu akuphunzira, ndipo chaka chamawa akuti amaliza. Zoti akamaliza alowera kuti, sindinafunse.

Zimene zinapita ndi izi: foni ili pansi pa Shire, tambala anadyedwa kwa atsibweni, wogula thonje sagulanso thonje lathu, ndipo mwana wanga wachiwiri wabadwa, wakhala pansi, wayamba kuyenda, mayi ake aang'ono asanamunyamulepo.