Anankafumbwe a chuku m'chitini changa

"Inu akamwini, mukukwirira chiyani m'munda wa eni ake?" Anakuwa motero atsibweni a mkazi wanga atandipeza nditagwada patsinde pa nthochi, chitini chili m'manja.

Ndinakwatira chikamwini cha ku Chinakanaka, zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda kadi ya chipani. Nthochizo ndinabzala ndine, makumbuka ndi kabuthu, koma zinkagwa zisanabereke. Ukang'amba tsinde, m'kati mayenje okhaokha a mbozi za nankafumbwe wakuda wa nthochi. Alangizi anatipatsa mankhwala a ufa. Tinathira. Zinafa nkhuku, nankafumbwe ali bwinobwino.

Tsiku lina kukhwawa, komwe sikuuma, ndinavundukula thunthu lowola n'kupeza anankafumbwe atafa gwa, atakutidwa chuku choyera. Nthochi za pamenepo zinali chiimire. Kusekondale tinaphunzira kuti chuku n'chamoyo, chimafala. Ndiye ndinkatolera akufawo m'chitini n'kukawaika pansi pa zibenthu za thunthu m'munda wakumtunda, momwe anzawo amabisala masana.

"Ndikupatsira tizilombo matenda," ndinayankha.

"Matenda ake ati? Mukutsirika munda kuti ndikadzafa mulande. Anthu a sukulu inu mumatiyesa ana."

"Ndikanadziwa kutsirika, atsibweni, bwenzi nditayambira pakamwa panupo."

"Abambo ake, mwayamba," anatero mkazi wanga ali kuseri kwa nkhokwe.

Mkulu uja anati chitinicho chikagone mumtsinje, apo ayi mawa akauza atcheyamani a chipani kuti mkamwini akunyoza mankhwala a boma. Masiku amenewo mawu ngati awo munthu ankakwera nawo galimoto osatsanzika ana.

Madzulo mkazi wanga anandidandaulira. "Tayani. Nthochi si mwana. Akakutengani ndidzalima ndi ndani?"

Ananena zoona, ndipo mantha ndinali nawo, sindinama. Koma kutaya chitini kunali kuvomera kuti ndine mfiti, pomwe ine ndinaona ndi maso anga chuku chikupha kachilombo kondidyera thukuta. Boma sindinalitukwane. Ndinatukwana nankafumbwe.

M'mawa, anthu akudutsa kupita kukathyola tiyi, ndinadula thunthu, kulibenthula, n'kuyala zibenthu m'mapando onse a m'mbali mwa njira, aliyense akuona. Anankafumbwe a chuku otsala m'chitini ndinakawaika paphando lomwe lili pakhomo pa atsibweni penipeni. Mkuluyo anatuluka atafunda bulangeti. Ndinavula chipewa, kuwadzutsa mwaulemu, n'kupitiriza kuvundikira.